Ndakatulo pa pepala limodzi lopachika pakhoma: tiyambire pati?

Nachisale, Chinamwali

Moni nonse. Gulu lathu la alakatuli kuno ku Zomba likukonza usiku wa ndakatulo mwezi wamawa. M'malo mwa kabuku, tagwirizana zotulutsa ndakatulo imodzi yokha pa pepala lalikulu limodzi, losindikizidwa mbali imodzi, lokhala ndi chithunzi, loti munthu akagula akapachike pakhoma kunyumba kwake. Pa Chingerezi amati broadside. Ndakatuloyo ndi ya Chichewa, mizere 22, ndime zinayi, ikukamba za mtsinje wa Likangala. Tikufuna makope 50.

Tayesa kuiyala pa Word, koma chatulukacho chikuoneka ngati kalata yoitanira makolo kumsonkhano wa kusukulu. Ndiye ndikufunsa amene ntchitoyi amaidziwa: pepala likhale lalikulu bwanji ndipo la mtundu wanji? Zilembo zikule bwanji? Chithunzi tichiike pamwamba kapena kuseri kwa mawu? Ena mwa ife akuti tingopita kwa a fotokope m'tauni, ena akuti chithunzi chidindidwe pamanja. Chabwino n'chiti pa makope ochepa chonchi?

Mbewe, Matawale

Mayi Nachisale, pepala lanulo sindinalione koma vuto lake ndikhoza kulilosera: mutu, chithunzi, ndakatulo ndi dzina la gulu zonse zikufuula mofanana, ndipo zonse zili pakati pa tsamba. Broadside imawerengedwa kawiri. Koyamba munthu amaiona ali patali, mwina mamita atatu, ndipo pamenepo akungoona chithunzi, mutu ndi malo oyera. Kachiwiri wafika pafupi, pepala lili pa mtunda wa mkono, akuwerenga mzere ndi mzere. Chinthu chimodzi chokha ndiye chiziitana munthu wakutaliyo. Sankhani: chithunzi kapena mutu. Chinzakecho chichepe.

Tengani A3, yomwe ndi mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali. A4 imaoneka ngati tsamba long'ambidwa m'buku, ndipo A2 makina ambiri a m'tauni sangaimeze. Tsopano tiwerengere malo, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amangoyerekeza ndi maso. Siyani mamilimita 30 pamwamba ndi m'mbali zonse ziwiri, pansi 40. Pansi pazikula pang'ono, apo ayi mawu amaoneka ngati akutsetsereka kuti agwe. Mwatsala ndi malo a 237 m'lifupi ndi 350 m'litali.

Mizere 22 kuphatikiza mipata itatu ya pakati pa ndime ndi malo a mizere 25. Mukaika zilembo za 18 pt (pt ndi muyeso wa kukula kwa zilembo) ndi mpata wa 25 pt kuchoka pa mzere kufika pa unzake, ndakatulo yonse idya 625 pt, omwe ndi mamilimita pafupifupi 220. Otsala 130 ndi amene mugawire mutu, dzina la mlakatuli, chithunzi ndi timawu ta pansi. Mukuona kuti chithunzi cha pamwamba sichingapitirire masentimita 8 kapena 9 kutalika kwake, chikhala chopanikizika ngati munthu wa pampando wa kumbuyo mu minibasi.

Njira ina ndi kuika chithunzi m'mbali. Yesani mzere wautali kuposa yonse mu ndakatuloyo. Ngati uli ndi zilembo ngati 45, pa 18 pt utenga mamilimita pafupifupi 135. Chotsani pa 237, musiyenso mpata wa 12 kapena 15, mutsala ndi danga la mamilimita 85 mpaka 90 lotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pa ndakatulo ya mtsinje, chithunzi chachitali chopapatiza chotere chimagwira ntchito yomwe chithunzi chogona sichingagwire: diso limatsika ndi madzi kwinaku likutsika ndi ndime.

Zoika chithunzi kuseri kwa mawu, ayi ndithu. Pa kompyuta zimaoneka bwino chifukwa galasi limawala lokha. Pa pepala, chithunzi chozimiririka chimasanduka timadontho totuwa, ndipo timadonthoto timadya miyendo ya zilembo. Munthu amene maso ake ayamba kutopa angosiyira pa ndime yoyamba.

Mizere iyambire kumanzere yonse, pokhapokha ngati mlakatuli mwiniwake anailemba mwina. Kuika ndakatulo pakati kumachititsa kuti diso lizisaka poyambira mzere uliwonse. Ndipo musadule mawu. Chichewa chili ndi mawu aatali, liwu limodzi monga "ndikadzakukumbukiraninso" limatenga theka la mzere, ndiye pulogalamu imafuna kulidula ndi kamzere. Zimitsani zimenezo. Mzere umodzi ukakana kukwana, chepetsani zilembo za ndakatulo yonse kufika pa 17 pt. Zikakanikabe, mawu otsalawo atsike pansi koma alowe mkati masentimita awiri, kuti wowerenga adziwe kuti si mzere watsopano. Podula mzere ndi pomwe mlakatuli amapumira, ndiye kompyuta isamusankhire.

Mitundu ya zilembo isapitirire iwiri, ndipo umodzi ndi wokwanira. Musanakonde mtundu uliwonse, lembani kaye "Malaŵi", "ng'ombe", "m'mbali" ndi "n'chiyani" muone. Zilembo zambiri zokongoletsa zilibe ŵ. Kompyuta imangobwereka ŵ ku mtundu wina mwakachetechete, ndipo pa zilembo zazikulu za mutu amaonekeratu kuti ndi mlendo. Gentium ndi Charis SIL ndi zaulere, zili ndi ŵ, ndipo zimawerengeka bwino pa ndakatulo. Yang'aninso kankhodolero ka mu ng' ndi m': kakhale kopindika ngati mpumiro wokwezedwa m'mwamba, osati kandodo kowongoka ka tayipi. Pa mutu waukulu, kameneka kamasiya mpata wambiri ndipo "M'mbali" amaoneka ngati mawu awiri, ndiye muyandikize zilembozo pamanja.

Word isiyeni. Scribus ndi Inkscape ndi zaulere ndipo zimakulolani kuika chinthu pa milimita yomwe mukufuna.

Che Jafali, Mpondabwino

Amayi, a Mbewe anena za kayalidwe, ine ndinene za pa makina, poti n'komwe ntchito yabwino imakafera.

Makope 50 musaganize n'komwe za offset. Amenewa ndi makina aakulu a osindikiza mabuku. Kumeneko mumalipira mapuleti, mtundu uliwonse puleti yake, ndipo mapepala ambiri amawonongeka makina asanakhazikike. Imeneyo ndi njira ya makope mazana angapo kupita m'tsogolo. Inu funani pomwe ali ndi pulinta kapena fotokope ya laser yotenga A3. Funsani mwachindunji kuti ndi ya laser kapena ya inki yamadzi, chifukwa ambiri ali ndi ya inki yamadzi ya tithanki m'mbali. Inki imeneyo dontho limodzi la mvula imayenderera, ndipo pakhoma lofika dzuwa imasuluka miyezi yochepa. Ufa wa laser umaotchedwa n'kumatirira pa pepala, madzi sauchotsa. Choipa chake n'chakuti umathetheka pepala likapindidwa, ndiye ogula muziwapindira mozungulira ngati mphasa, osati kupinda pakati.

Fayilo mubweretse ili PDF, kukula kwake kuli A3 yeniyeni, zilembo zitalowetsedwa mkati mwa fayiloyo kapena zitasandutsidwa zojambula. Mukabweretsa ya Word kapena ya CorelDRAW, kompyuta ya pa shopu ikapanda kukhala ndi zilembo zanuzo imaika zake, mizere n'kudukira pena. Posindikiza uzani mnyamata wa pa makina kuti asankhe kukula kwenikweni, 100 peresenti, asasankhe zoti makina akwanitse okha pa tsamba. Akasankha zimenezo zonse zimachepa pang'ono, ndipo ngati mukufuna kudzadinda chithunzi pamanja pambuyo pake, malo ake sadzagwirizananso.

Chithunzi ngati chichokera pa kompyuta chikhale cha 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula komwe chidzatulukire. Danga lomwe a Mbewe anena lija, tinene 90 kwa 300 mamilimita, likufuna chithunzi cha mapikiselo ngati 1,060 kwa 3,540. Chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chafinyidwa kale, chidzatuluka ndi timabokosi m'mphepete. Tumiziranani ngati document kapena pa fulashi. Mawu a ndakatulo akhale akuda enieni a mtundu umodzi, omwe pa pulogalamu amalembedwa K 100, kutanthauza inki yakuda yokha. Mukasiya wakuda wa pa galasi la kompyuta, makina amtundu amaupanga posakaniza mitundu inayi ya inki, ndipo akaphonya pang'ono zilembo zimatuluka ndi kamthunzi kofiira kapena kobiriwira m'mbali.

Makina a laser sasindikiza kufika m'mphepete penipeni, amasiya mamilimita 4 kapena 5 oyera. Mukafuna kuti utoto ufike kumapeto kwa pepala, pafunika pepala lokulirapo la SRA3, lomwe ndi 320 kwa 450, chithunzi chisefukire mamilimita 3 mbali zonse, kenako n'kudula pa gilotini, mpeni waukulu wodulira mapepala. Si shopu iliyonse ili nalo. Pa ntchito yoyamba, siyani m'mphepete moyera.

Pepala: bondi wamba wa 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) ndi wa ku ofesi, amaonekera kuseri ndipo amakwinyika akangogwidwa kawiri. Ine ndinganene 200 mpaka 250 gsm, losanyezimira, loyera motuwira ngati mkaka. Lonyezimira limabweza kuwala kwa babu m'maso mwa wowerenga. Pepala lolemera lilowe pa thireyi ya m'mbali, limodzilimodzi kapena ochepaochepa, ndipo makina auzidwe kuti ili ndi pepala lokhuthala kuti ayende pang'onopang'ono ndi kutentha mokwanira. Akaiwala, ufa sugwira. Yesani kope loyamba pokanda chilembo chimodzi ndi chikhadabo: chikasendeka, imitsani ntchito pomwepo.

China ndi chinyontho chathu chino. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, komanso masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi phiri likaphimbidwa, pepala lotsegulidwa limamwa chinyontho. Likalowa m'makina otentha limatuluka lopindika ngati chikwatu, nthawi zina n'kukakamira mkati, kapena kutuluka ndi mawangamawanga pamene ufa wakana. Musamasule paketi mpaka tsiku losindikiza, ndipo musaigoneke pa simenti. Pa makope 50 gulani mapepala 65. Mukapeza aakulu a A1, limodzi limatuluka ma A3 anayi, ndiye 17 akukwanirani.

Nangozo, Sadzi

Achemwali, ine ndili kumbali ya odinda pamanja, koma osati zonse. Mawu apite ku laser monga anenera Che Jafali. Kusema mizere 22 ya zilembo zazing'ono, chagada, ndi ntchito ya mwezi wathunthu ndipo chilembo chimodzi chikathyoka mwayambanso. Chithunzi chokha ndiye chidindidwe. Chimene mumapindula n'chakuti inki ya pamanja imakhala pamwamba pa pepala, imakhudzika ndi chala, ndipo makope awiri safanana ndendende. Munthu amalipira mosanyinyirika chifukwa akuona kuti si fotokope.

Dongosolo lake musalitembenuze: laser poyamba, kudinda pambuyo. Mukadinda kaye n'kulowetsa pepala m'makina, kutentha kwa mkatimo kumafewetsa inki n'kuipaka pa zogudubuza, ndipo mwini shopu sadzakulandiraninso. Komanso chithunzi chisakwere pa mawu, chifukwa inki sigwira bwino pamwamba pa ufa wa laser.

Pa pepala ndikutsutsana nawo pang'ono Che Jafali. 250 gsm ndi yabwino ngati muli ndi makina opanikizira. Inu mudzagwiritsa ntchito supuni, ndipo supuni singakankhe pepala lolimba chonchi kuti litole inki yonse. Padzatsala timadontho toyera pamalo akuda, mkono n'kutopa pa kope lachisanu. Tengani 120 mpaka 160 gsm, losanyezimira. Pa lonyezimira inki silowa, imangokhala pamwamba osauma.

Chosemapo: lino weniweni, chipepala chofewa chonga labala chomwe ojambula amasemapo, ndi wovuta kupeza. Zolowa m'malo zilipo. Labala yosalala ya mamilimita 4 kapena 5 yomwe osoka nsapato mumsika amagwiritsa ntchito pa zidendene imasemeka bwino, koma sankhani yopanda mabangamabanga. MDF, thabwa la utuchi wopanikizidwa, nayo imagwira mizere yaing'ono, kungoti imabunthitsa mpeni msanga ndipo imafufuma ikanyowa, ndiye ipakeni vanishi wopyapyala musanayambe. Pulayiwudi imang'ambika motsata mtengo mukasema mopingasa, koma mizere ya mtengowo imatuluka pa pepala, ndipo pa chithunzi cha madzi zimenezi n'zokongola. Mipeni: umodzi wa V wa mizere, umodzi wa U wochotsera malo aakulu. Nthiti ya ambulera yakale ili kale ndi mphako ya U: iduleni masentimita 8, inoleni pa mwala, muizike pa kamtengo. Osema ziboliboli angakunolereni bwino kuposa wina aliyense.

Chimene chili pa labala chimatuluka chotembenuka pa pepala. Ngati mtsinje ukuyenera kukhotera ku mawu, pa labala ukhotere kwina. Njira yosavuta: jambulani pa pepala ndi pensulo yofewa, 4B kapena 6B, ligonekeni chafufumimba pa labala, mupukute kumsana kwake ndi supuni. Chithunzi chisamukira chotembenuka kale. Semani kuya milimita imodzi kapena iwiri basi, mpeni uziloza kutali ndi dzanja logwira. Mzere wotsala usachepere milimita imodzi, apo ayi uphwanyika musanafike kope la 20. Kumbukirani kuti chomwe mwachotsa ndiye chidzayera. Oyamba kumene amasema kwambiri, chithunzi n'kutsala mafupa okhaokha. Siyani malo akuda aakulu, ndi amene amakoka munthu wakutali amene a Mbewe akunena.

Inki: pemphani kachitini ka inki ya offset kwa osindikiza mabuku. Ndi yolimba, ndiye donthezani madontho awiri kapena atatu a mafuta a linseed pa supuni yaing'ono imodzi ya inki. Penti ya nyumba kapena yamadzi musayese, imauma pa labala musanaike pepala. Pakani inkiyo pa galasi la windo ndi chogudubuza cha labala, kutsogolo ndi m'mbali, mpaka iziti "sii" motsitsa ndipo izioneka ngati khungu la pichesi. Ikamati "tcha tcha" ndi kutukula timinga, yachuluka, idzadzaza mizere yanu yosema. Ndi bwino kupaka kopyapyala katatu kusiyana ndi kokhuthala kamodzi.

Kuti chithunzi chigwere malo amodzi pa makope onse, pangani chikombole. Pa thabwa losalala matani katoni yokhuthala ngati labalayo, mubowole danga loti labala ilowe mosagwedera. Pa kona imodzi matani timakatoni tiwiri mwa L poti pazigunda pepala. Pepala lililonse ligunde pa kona yomweyo, mawu ataloza pansi, kenako muligoneke pang'onopang'ono. Ikani pepala lopyapyala pamwamba kuti supuni isang'ambe, mupukute mozungulira kuyambira pakati. Tukulani kona imodzi musuzumire dzanja lina likugwirabe, ndipo pomwe sipanade bwezani mupukutenso. Makope atatu oyamba amatuluka otuwa chifukwa labala ikumwa inki, choncho yambirani pa nyuzi. Kope limodzi limatenga mphindi 5 kapena 6, ndiye 60 ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Gawanani: wina wa inki, wina wa supuni, wina wa manja oyera wonyamula mapepala. Zala zakuda m'mphepete ndi zimene zimawononga makope ambiri kuposa china chilichonse.

Yanikani pa chingwe ndi mapegi, m'nyumba, osasanjikiza. Nyengo yotentha ya Okutobala masiku awiri kapena atatu akwana, nthawi yamvula dikirani sabata. Yesani pokhudza ndi pepala loyera, osati chala. Labala ndi galasi tsukani ndi mafuta ophikira kenako sopo. Nsanza zomwe zanyowa ndi linseed musaziunjike m'chitini, zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja motambasula kapena muziviike m'madzi.

Nachisale, Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse, apa maso atseguka. Titenga A3, 160 gsm, chithunzi m'mbali. Koma tikadali ndi mkangano: wojambula wathu akufuna kujambula mayi akuchapa pamtsinje chifukwa ndime yachiwiri ikunena zimenezo. Komanso pansi pa pepala tilembepo chiyani? Ena akufuna chizindikiro cha gulu chachikulu ndi manambala a foni.

Gondwe, Chirunga

Mayi, chithunzi chobwereza zomwe ndakatulo yanena kale chimalanda wowerenga ntchito yake. Mlakatuli akati mayi akuchapa, aliyense amaona mayi wake, kapena azakhali ake, pa mwala womwe akuudziwa. Mukamujambula mayiyo, onse aona mmodzi yekha, wa wojambulayo. Jambulani chimene ndakatulo yangochikhudza n'kupitirira: mwala wochapirapo uli wokha, thovu la sopo likutsika ndi madzi, bango lopindika. Wojambula asakhumudwe, ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa inayo.

Sikuti akale ankasamala zimenezi nthawi zonse. Ku England, kuyambira zaka za m'ma 1500, nyimbo zosimba nkhani zinkasindikizidwa pa pepala limodzi n'kumagulitsidwa mumsewu pa peni imodzi, ndipo anthu ankazimata m'makoma a nyumba zomwera mowa. Pamwamba pankakhala chithunzi chosemedwa pa thabwa, pansi pa mutu n'kulembapo dzina la chuni choimbira. Osindikiza ankabwereza thabwa lomwelo pa nyimbo zosiyanasiyana, moti munthu yemweyo wa pa chithunzi lero ndi mkwati, mawa ndi chigawenga chokanyongedwa. Samuel Pepys, Mngelezi wa m'zaka za m'ma 1600, anasonkhanitsa mapepala otere oposa 1,800, ndipo akusungidwa ku Magdalene College, Cambridge. Mfundo ya chuni ija ingakuthandizeni: ngati ndakatulo yanu imalakatulidwa ndi ng'oma kapena ili ndi mzere woti anthu avomere, lembani zimenezo ndi zilembo zazing'ono pansi pa mutu.

Pepala limodzi lanyamulapo zinthu zolemera. Chikalata cha ufulu wa America chinatuluka koyamba ngati broadside, chosindikizidwa ndi John Dunlap ku Philadelphia usiku wa pa 4 Julayi 1776. Cha ku Ireland cha mu 1916 chinasindikizidwa mobisa ku Liberty Hall mumzinda wa Dublin, zilembo zachitsulo zitaperewera, moti anasindikiza theka la pamwamba, n'kumasula zilembo, n'kuyalanso theka la pansi. Chilembo e chitatha anabwereka ku mitundu ina, ndipo lero odziwa amazindikira kope lenileni poona zilema zomwezo. Chapafupi ndi zomwe mukuchitazi ndi cha Dudley Randall wa ku Detroit. Mu 1965 anasindikiza pa pepala limodzi ndakatulo yake ya bomba lomwe linapha atsikana anayi m'tchalitchi ku Birmingham, Alabama, mu 1963, ndipo pepala limenelo ndi lomwe linabala kampani yosindikiza mabuku ya Broadside Press, yomwe inadzatulutsa alakatuli ambiri akuda a ku America. Kuno kwathu ndakatulo yayenda kwambiri pakamwa, pa wailesi ndi m'mabuku a kusukulu, ndipo Writers' Group ya pa Chancellor College kuyambira 1970 inkakambirana ntchito za mamembala ake zili pa mapepala ochulukitsidwa pa makina. Chomwe mukuwonjezera inu ndi diso la wojambula.

Za pansi pa pepala: chizindikiro chachikulu ndi manambala a foni zisandutsa ntchito yanu kukhala chotsatsa malonda. Lembani mizere iwiri kapena itatu ya 8 kapena 9 pt: dzina la mlakatuli ndi chizindikiro cha umwini ndi chaka, dzina la wosema chithunzi, dzina la gulu, Zomba, mwezi ndi chaka, ndi chiwerengero cha makope. Mapepala ambiri akale otere amavutitsa ofufuza chifukwa alibe tsiku kapena malo. Kenako ndi pensulo, osati bolopeni, lembani nambala kumanzere, 1/50, 2/50, mpaka 50/50, mlakatuli ndi wojambula asaine kumanja. Pensulo sisuluka ndipo sidutsa kuseri. Mukalemba 50 ndiye 50 yomweyo. Otsala abwino mungawasunge ngati makope a wojambula osawapatsa nambala, koma musadzadindenso ena n'kuwatcha gulu lomwelo.

Gwirizanani polemba musanasindikize, ngakhale mlakatuli ndi mnzanu: makope angati, ndalama zigawidwa bwanji, ndipo labala yosemedwayo ndi ya ndani ntchito ikatha. Ndakatulo ya munthu wina, kaya munaimva pa wailesi kaya ili m'buku la sukulu, imafuna chilolezo cha mwiniwake kapena osindikiza ake, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, angakulozereni njira. Makope awiri osapinda apatuleni: lina la gulu, lina kaperekeni ku National Archives, poti ili konkuno.

Kuwerenga kotsiriza kuchitike pa kope losindikizidwa la A3, osati pa kompyuta, ndipo awerenge munthu amene ndakatuloyo saidziwa pamtima. Awerenge mokweza, kuyambira mzere wotsiriza kukwera m'mwamba. Amene amaidziwa amawerenga zomwe zili m'mutu mwake, ndipo "mtsinje" wosowa s amamudutsa osamuona.

Che Jafali, Mpondabwino

Chemwali Nangozo anena zoona pa 160, ine ndimaganiza za laser yokha. Ndiwonjezere chimodzi pa kalowetsedwe: mapepala onse alowe m'makina mbali imodzi, ndipo kona yomwe yatsogola muiike kadontho ka pensulo kuseri. Kona yomweyo ndi imene izigunda pa L ya chikombole. Makina amasuntha mawu milimita imodzi kapena iwiri, ndipo mapepala odulidwa pa gilotini salingana ndendende, choncho mukasinthasintha kona mpata wa pakati pa chithunzi ndi mawu uzikula n'kuchepa.

Ngati ena mukufuna kuwamata panja olengeza usikuwo, musawononge odinda pamanja. Jambulitsani limodzi pa bondi wamba, ameneyo ndi amene amagwira khoma bwino. Phala lomatira: kapu imodzi ya ufa wa tirigu kapena wa chinangwa, makapu anayi a madzi, sungunulani m'madzi ozizira kaye kuti lisachite mibulu, muphike pamoto wochepa mukutakasa mpaka lichite ngati phala la mwana, lizizire. Pakani pakhoma, ikani pepala, pakaninso pamwamba kuchokera pakati kupita m'mphepete. Phikani la tsiku lomwelo, likagona masiku awiri limasasa. Pemphani kaye mwini khoma, ndipo pa mitengo ya m'mbali mwa msewu musakhomepo misomali. Phala limeneli lisayandikire makope ogulitsa, mphemvu ndi chiswe zimalikonda. Amenewo asungeni chogona pakati pa makatoni awiri, pepala loyera pakati pa kope ndi kope, pamwamba pa kabati osati pansi pa bedi.